Kagalasi Kachisanu ndi Chiwiri

Lachiwiri, magetsi sanabwerebe.
Jenereta ikutsokomola kuseri kwa labu ya ku Parirenyatwa
ndipo ine ndandandalika timagalasi makumi atatu pa thireyi,
kalikonse kanyamula kachidutswa ka munthu
kopyapyala kuposa khoko la anyezi.

Ntchito yanga ndi yopaka utoto.
Pamene maselo agwirana bwino
utoto wofiirira umakhala m'mphepete mwa lililonse
ngati waya wa khola la nkhuku,
tikatero timadziwa kuti ulimbo ulipo.
Ulimbowo ndi puloteni, dzina lake kadiherini,
wosatchuka ngakhale m'makonde a chipatala chino,
ndipo lamulo lake ndi limodzi:
gwira mnzako, usamutaye.

Kagalasi kachisanu ndi chiwiri kakana utoto.
Ndabwereza. Kakananso.
Pansi pa maikulosikopu maselo atayana,
akuyenda mzere umodzi, lina kumbuyo kwa linzake,
monga timaimira pa geti la Nyamapanda,
yense ndi chikwama chake, osayang'anana.

Ndatembenuza fomu. Nambala ikadandikwanira,
koma ndatembenuza.
Dorika Chimphepo, zaka 58, Mufakose. Bere lakumanzere.

Ndi iwo anandiboola makutu
ndi singano yowotcha pa kandulo, ndili ndi zaka zisanu.
Ndi iwo amagulitsa mazira owiritsa pa renki ya makombi,
mchere ali m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa.
Akandilonjera m'Chinyanja ine n'kuyankha m'Chishona
amandikoka tsaya:
iwe mwana wa Ajibu, lilime unalisiya m'basi?

Dokotala Chikwature asuzumira, apukuta mandala ndi tayi.
Ati malangizo opangira ulimbo amalembedwa m'jini.
Nthawi zina tsambalo limang'ambika, basi zatha.
Koma nthawi zina lili lonse, palibe chilembo chasowa,
kungoti timadontho tamatidwa pachikuto
ndipo selo limadutsa osatsegula,
kapena mapuloteni ena akhala pakhomo
n'kunena kuti lero sitiwerenga.
Ndiwafunsa, nanga apa ndi ziti?
Ati kagalasi aka sikanganene. Makina ake tilibe.

Ndakumbuka sutikesi ya agogo Ajibu pamwamba pa wadirobu,
makalata a ku Mangochi omangidwa ndi lamba wa chubu,
onse athunthu, inki yosafufutika,
m'nyumba ya anthu asanu ndi anayi
mopanda wowatsegula.
Sitinakangane ndi akumudzi. Palibe anatukwana mnzake.
Tinangosiya kuwerenga,
kenaka wina Joni, wina Gaborone, wina Luton,
mzere umodzi.

Ndikadzawauza mayi Dorika kuti nkhani ndi majini
adzaseka, adzati ndiye itanani a shehe ndi lubani.
Ndipo ndidzayamba pati kufotokoza
kuti awa si majini a usiku,
ndi aja anabadwa nawo, anawalera zaka zonsezi,
amene lero amangidwa pakamwa?

Sindine wonena. Zotsatira zimadzera kwa dokotala,
pa envulopu, pa tsiku lake.
Ndalemba nambala, ndasaina, ndatseka bokosi.
Panja jakaranda wathothokera pa magalimoto a mu Mazowe Street
ndipo kondakitala akukuwa kuti watsala mmodzi, watsala mmodzi.

Loweruka ndapita ku Mufakose ndi shuga ndi sopo.
Ndawapeza akuyanika zovala ndi dzanja lamanja lokha,
zopanira ali nazo kukamwa.
Alavulira m'beseni, ati,
wabwera ndi nkhope ya kuchipatala.
Ndati ayi mayi, ndi dzuwa.
Ndayankha m'Chinyanja, chopindika, koma Chinyanja.

Andiyang'ana nthawi yaitali.
Kenaka andigwira pamkono, zala zonyowa, zonunkhira sopo,
kugwira kwa munthu wozolowera kusunga chenji m'khamu,
ndipo sakunditaya
mpaka madzi a m'ketulo awira, asefukira, azimitsa mbaula.